Chitsime Chopanda Chivindikiro

Pamene tinkasamukira pa poloti yathu, kunja kwa Kadoma kupitirira Waverley, mwana wanga wamkazi anali atangoyamba kuimirira chogwira mpando. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, yosapaka pulasitala, ndipo mpopi kunalibe. Madzi tinkagula kwa bambo wina wa ngolo ya abulu amene sankanena kumene watunga. Lero abwera oyera, mawa abwera ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkawiritsa onse, ngakhale osambitsira mwana, mpaka gasi ankatha mwezi usanafike pakati. Ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndine munthu wamantha. Mwana akangotsekula m'mimba kamodzi, m'mutu mwanga ndakhala kale pa benchi ya kuchipatala.

Bambo ake a mwanayu amagwira ntchito pansi pa mgodi ku Ngezi, ndipo amabwera kunyumba akapatsidwa masiku opuma. Iwo anabadwira konkuno, agogo awo ndi amene anachokera ku Ntcheu kalekale. Ine ndiye mlendo weniweni. Ndinachoka ku Balaka nditanyamula setifiketi ya zamalonda imene kuno palibe anandifunsapo, ndi Chishona chongokwanira moni ndi kugula tomato. Tsiku lina anandiuza pa foni kuti, "Mai mwana, tikumbitse chitsime. Mari ndikutumizira, iwe upeze anthu." Mari ndiye ndalama, ndipo inabweradi. Anthuwo ndiwo ndinalibe.

Mayi wina wa ku tchalitchi anandiuza kuti ndipite ku msika wa ku Rimuka ndikafunse madala okumba zitsime. Ndinawapeza atakhala pa tayala lakale, akusula nsonga ya piki. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, imvi zili mbuu m'ndevu. Ndinayamba ndi Chishona changa chotsimphina chija. Anandimvetsera mpaka ndinathera m'njira, kenako anaika nyundo pansi.

"Kwanu ndi kuti, mwana iwe?" anafunsa m'Chichewa.

Ndinatsala pang'ono kulira pamsika pomwepo. Ndinati ku Balaka. Anavula chipewa. Anati bambo awo anachokera ku Zomba wapansi kudzagwira ntchito ku migodi, ndipo anamwalirira konkuno. Iwo eni ake ku Malawi sanapondeko, koma ankakutchula kuti kumudzi. Chichewa chawo chinali chakale, chokhala ndi mawu amene kwathu anthu anasiya, ndipo apa ndi apo chinkagwera m'Chishona n'kudzukanso. Anandifunsa ngati n'zoona kuti phiri la Zomba mitambo imagona pamwamba pake. Ndinati n'zoona. Anaseka ngati ndawabweretsera mphatso.

Tisanasiyane ndinali nditayamba kuwaitana kuti amalume, ndipo iwo ankati mwana wa kwathu.

"Nanga mtengo, amalume?"

"Aa! Mtengo ndi mwana wa kwathu, pamsika? Tikaonana kunyumba."

Kunyumba nako sitinaonane kwenikweni. Anabwera, anazungulira poloti yonse, anasuzumira kumene kuli zimbudzi zathu ndi za aneba, n'kusankha malo kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi khomo, popeza zimbudzi zonse zinali kumbuyo. Kenako, akuyang'ana nsapato zawo, anatchula mtengo wa mita imodzi motsitsa mawu ngati akuulula tchimo. Ine ndinavomera msangamsanga kuti ndiwachotse manyazi. Sindinafunse china. Kwathu ku Balaka, munthu amene anakumba chitsime cha makolo anga ndi yemwenso anamanga njerwa pakamwa pake n'kukhoma chivindikiro cha matabwa. Ukati chitsime, watchula zonsezo. Komanso malume wako sumufunsa kuti ntchito yake ithera pati, ngati kuti ukumukayikira.

Anabwera ndi mnzawo, Mshona wamtali wa msinkhu wawo womwewo, amene anakumba naye golide m'tchire zaka zambiri. Kuno okumba golide paokha amawatcha makorokoza, ndipo awiriwa anasiya ntchitoyo mawondo atayamba kudandaula. Ankagwira ntchito akunyozana kuyambira m'mawa. Wamtaliyo ankawatcha amalume munthu wa ku Blantyre, monga amatchulira kuno aliyense wa mtundu wa ku Malawi.

"Blantyre ndinamuona kuti ine?" amalume ankayankha ali m'dzenje. "Pukusa ndowa, iwe mwini ng'ombe zowonda!"

"Dzaza kaye! Ukunditumizira theka ngati shuga wa ku tuck shop ya mkazi wako."

Zikafika povuta ankasinthira ku Chilapalapa, chinenero chakale cha m'migodi, chimene ndikuganiza kuti anachipangira kukalipirana basi.

Koma ntchito yawo ndinkaima n'kumaionerera mpaka ndiwo kupserera. Anajambula bwalo pansi ndi msomali womangirira ku chingwe. Dzenje litazama, anazika mitengo iwiri ya mphanda, n'kugoneka wina pamwamba wokhala ndi chogwirira chopukusira chingwe. M'mawa uliwonse, munthu asanatsike, ankayamba atsitsa kandulo yoyaka m'chitini. Ikazima, ndiye kuti pansi pali mpweya woipa, ndipo ankamanga nthambi zamasamba ku chingwe n'kumazikweza ndi kuzitsitsa mpaka kandulo ikafike pansi ili moyo. Amene ali pamwamba sankasiya chogwirira chija zivute zitani. Tsiku lina abusa athu anadutsa n'kutambasula dzanja kuti apereke moni kwa wamtali uja. Iye anangogwedeza mutu, manja onse ali pa chitsulo. Abusa anachoka atakhumudwa pang'ono. Ine ndinamukonda munthuyo kuyambira tsiku limenelo.

Nthaka ya ku Kadoma ndi yamiyala. Masiku ena ankamenya tsiku lonse n'kutsika pang'ono chabe, piki ikungolira ngwe, ngwe. Ndowa iliyonse ikatuluka, wa pamwamba ankatapa dothi pang'ono, kulifikisa m'manja, kuliyang'anitsitsa, kenako n'kutaya. Chinali chizolowezi cha ku golide chimene sichinawachoke.

"Tikapeza golide muno akhala wa yani?" wamtali anandifunsa tsiku lina, amalume akumasulira.

"Wa mwana wanga," ndinatero.

"Wamva? Anthu a ku Blantyre! Chabwino, amai, chitsime n'chanu. Ife tizingotenga matope okha."

Masana ndinkawaphikira, monga timachitira kwathu ndi munthu wa ganyu. Tsiku loyamba wamtali anayang'ana mbale, n'kufunsa amalume chapansipansi ngati sadza ameneyu, kutanthauza nsimayo, adzachotsedwe pa malipiro. Kuno munthu wa kontirakiti amabwera ndi chakudya chake, apo ayi mumagwirizana poyamba. Amalume anamukalipira koopsa kuti akuwachititsa manyazi pamaso pa mwana wa kwawo. Nditawapatsa nkhwani wotendera anadya mwakachetechete, ndipo atamaliza anati amayi awo ndiwo ankaphika chonchi.

Loweruka ndilo linali tsiku lolipira. Ankatsitsa chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, ine ndikuona, ndipo ndinkapereka madola a ku America, chifukwa ndalama za pa foni ankazikana. Wamtali ankakweza pepala lililonse ku dzuwa. Likakhala long'ambika pang'ono ankandibwezera mwaulemu, poti ku sitolo sakalilandira. Amalume gawo lawo sankaliyang'ana n'komwe. Ankalipinda msanga n'kulilowetsa mu sokosi, nkhope atatembenuzira ku mpanda, ngati kuti kulandira ndalama kwa ine n'kuba.

Madzi anatuluka m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Linayamba ndi dothi lonyowa, kenako matope, kenako tsiku lina ndinamva amalume akufuula pansi, mawu akumveka ngati a m'mbiya. Ndowa inatuluka ikudontha. Ndinavina ndi mwana m'manja, aneba anabwera kudzasuzumira. Anakumbabe masiku ena angapo ataima m'madzi mpaka m'chiuno, kuti chitsime chisadzaphwe. Tsiku lomaliza anazula mitengo yawo ija, anakweza zipangizo pa wilibala, anagoneka lata lakale pakamwa pa dzenje n'kuika nthambi zaminga pamwamba, monga amachitira m'tchire kuti ng'ombe zisagweremo.

"Madzi anu ndi amenewo, mwana wa kwathu. Tsalani bwino."

Anaima pang'ono ngati pali china chimene akufuna kunena. Kenako anavala chipewa n'kumapita. Ine ndinkadziwa kuti Lolemba abwera ndi njerwa.

Lolemba kunali zii. Tsiku lotsatira ndinawaimbira foni. Anali kale ku famu ina cha ku Mhondoro, akukumba chitsime china.

"Amalume, nanga chivindikiro?"

Mawu awo anabwera pamodzi ndi mphepo.

"Mwana wa kwathu, ife ndife okumba. Tikafika pa madzi, ntchito yathu yatha. Za simenti ndi za omanga." Anatsokomola. "Ndinafuna kukuuzani tsiku lija. Koma ndinati mungaganize kuti malume akufuna kuwonjezera mari."

Sindinawakwiyire. Ndikanayamba pati? Iwo anachita manyazi kunena, ine ndinachita manyazi kufunsa, ndipo pakati pa manyazi athu awiri panatsala dzenje lakuya kutsogolo kwa khomo langa. Anandiuza kuti ku Chegutu kuli mayi wina woumba zivindikiro za simenti, ndikamufunse pafupi ndi msika. Ndinati ndidikira bambo a mwana abwere kaye.

M'masabata amene chitsime chinkakumbidwa, mwana wanga anali atasiya mpando uja. Tsopano ankayenda, manja m'mwamba, kugwa n'kudzuka, ndipo ankathamangira kulikonse kumene ndamuletsa. Lata lija silinkakwana pakamwa ponse. Amalume anakumba motambalala ngati mgodi, moti mbali imodzi panatsala mpata woti mbuzi n'kulowa. Ndinaikapo thabwa ndi miyala, koma potunga madzi ndinkayenera kuchotsanso zonsezo.

Ndinayamba kumubereka tsiku lonse. Kuphika ali kumbuyo, kusesa ali kumbuyo, kuchimbudzi ali kumbuyo. Kunja kunkatentha ngati m'ng'anjo, ndipo pachifuwa pake panatuluka timatuza ta thukuta. Ankalira, kundimenya m'khosi ndi timanja take, kufuna pansi. Ndikamutsekera m'nyumba, malata ankatiwotcha tonse awiri. Msana wanga unkapweteka mpaka m'mano. Aneba ankandiseka kuti mwanayu adzaiwala kuyenda. Ine ndinkati aiwale, bola akhalepo.

M'mawa wina ndinkachapa bulangete. Bulangete lonyowa sungalifinye mwana ali kumbuyo, limakukoka n'kukugwetsa. Ndinamutsitsa pakhonde, ndinamupatsa supuni kuti aziseweretsa, n'kutembenuka. Ndinali ndisanamalize kufinya mbali imodzi pamene ndinamva kaphokoso kakang'ono, kakutali, ngati kochokera pansi pa dziko. Chubwi.

Nditacheuka ndinamuona atanjuta pa mpata uja. Thabwa ndinali ndisanalibwezere nditatunga madzi ochapira. Supuni inali itapita, ndipo iye ankaseka, akuvula nsapato yake kuti aponyenso, mutu ataweramitsira mumdima. Sindinakuwe. Ndinadziwa kuti akadzidzimuka agwera kutsogolo. Ndinayenda pang'onopang'ono ndikumuyankhula ngati palibe kanthu, ndikuti ona mbalame, mama, ona mbalame iyo. Nditafika ndinagwira diresi lake kumbuyo ndi dzanja lonse, n'kumukokera kwa ine mwamphamvu moti nsalu inang'ambika. Analira chifukwa ndamulanda masewera. Ine ndinakhala naye pansi pa dothi.

Sindinadikirenso munthu. Bulangete ndinalisiya mu beseni, ndinakankhira wilibala ya aneba pa mpata uja, ndipo tinakwera kombi, minibasi ya ku Chegutu. Ndili m'njira ndinaimbira bambo a mwana. Poyamba anaseka kuti, "Kuno kukumba ndi kukumba basi, sunadziwe?" Nditawauza za supuni, kuseka kunatha. Anangoti, "Pita. Chimene anene, vomera."

Mayi wa simenti sanavute kupeza. Bwalo lake linali lodzaza ndi mphete zazikulu za konkire ndi zivindikiro zoyalidwa pansi, zina zofunditsidwa masaka onyowa. Iye anali mzimayi wamkulu thupi, wovala majombo ndi chipewa cha chibambo, akulamula amayi awiri amene ankasakaniza mchenga. Ndinagwada pang'ono monga mwa kwathu, n'kuyamba ndi mawu amene ndinkaganiza kuti afewetsa mtima wake. Ndinamutcha azakhali, m'Chishona.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anaitana mnyamata wamkulu wowotcherera zitsulo pa bwalo loyandikana, amene agogo ake anali a ku Malawi. Iyeyo Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chishona, ndipo pakati pa iye, Chingerezi changa ndi manja, tinamvana.

"Muuze kuti ine sindine azakhali ake," anatero mayiyo. "Ndine womanga. Azakhali akakuwonongera ntchito umangoti zikomo. Ine ndikawononga, undiitane ndidzaphwanye ndiyambirenso. Akufuna uti?"

Ndinati ndikufuna womanga. Nkhope yanga inkayaka ndi manyazi, ndipo mumtima ndinati mayi uyu ndi wamwano.

Anafunsa amene anakumba. Nditafotokoza anawomba m'manja. "Sekuru a ku Rimuka, agogo aja! Ndiye kuti zanga zoumba kalezi palibe chikwane. Amene uja amakumba pakamwa ngati akufuna kutsitsiramo ng'ombe. Koma chitsime chake sichigumuka, zimenezo ndimupatse."

Kenako anayamba kufunsa, mokweza, anthu odutsa akumva. Simenti agula ndani? Mchenga ndi miyala abweretsa ndani? Njerwa zomangira pakamwa zili mu mtengo wake kapena ayi? Kachitseko ka chitsulo kotungira madzi, loko wake, mafuta a galimoto? Chakudya cha masana? Chilichonse tikagwirizana, ankatembenukira kwa wowotcherera uja n'kuti, "Wamva?" Iye ankati wamva. Za chakudya anakaniratu. Anati amabwera ndi chawo, chifukwa munthu amene wadya kwako umachita naye manyazi kumuuza kuti khoma lapendama. Malipiro anawagawa pawiri: gawo loyamba lero, logulira zipangizo, lotsala pokhapokha ntchito itayesedwa pamaso panga.

Ndinafunsa kuti atha liti. Anati chivindikiro adzaumbira kwathu komweko, pambali pa chitsime, ndipo chiyenera kugona pansi chikuthiriridwa madzi kupitirira sabata chisananyamulidwe. Mtima wanga unagwa. Ndinamasula chitenje, ndinamuonetsa timatuza pachifuwa pa mwana, ndinamuuza za m'mawa uja. Ndinati ndiwonjezera ndalama ngati angafulumize.

"Simenti simva ndalama," anatero. "Chouma mothamanga chimaoneka bwino, kenako chimasweka tsiku limene mwana waimapo. Ine chotero sindiumba."

Anayang'ana mwana wanga kanthawi. Mwanayo anali akukoka lamba wa chipewa cha mayiyo.

"Koma tamvera. Ndikangolandira gawo loyamba, dzenje limenelo si lakonso. Ndi langa mpaka tsiku limene ndidzakubwezere. Ndipo dzenje langa siligona lotsegula. Kwera galimoto."

Tinabwerera ku Kadoma masana omwewo pa kagalimoto kake kakale, ine ndi mwana kutsogolo, kumbuyo kutakwezedwa chitsulo chachikulu cholukanalukana ngati chitseko cha khola, chimene anthu atatu ankachinyamula movutika. Anataya lata ndi minga zija, anagoneka chitsulocho pakamwa pa chitsime, anakhoma zikhomo pansi mbali zonse, anazunguliza tcheni n'kutseka ndi loko. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse kiyi. Anamuponya m'thumba la ovolosi yake.

"Nanga madzi nditunga bwanji?"

"Sutunga. Gula kwa wa abulu. Aliyense amene ndinamusiyira kiyi analumbira kuti sadzaiwala kutseka. Iwenso m'mawa uno sunafune kuiwala."

Zinandibaya. Ndinabwerera ku madzi a tiyi aja, chitsime changa chili pakhomo, madzi ake ndikuwaona akunyezimira pansi kudzera m'mipata ya chitsulo. Ngakhale zinali choncho, mwana sindinamutsitsebe pabwalo. Mipatayo inali yaing'ono, mutu sukanalowa, koma ine ndinkaona kamwendo kakulowa n'kuthyoka. Ndanena kale za mantha anga.

Anabwera m'mawa mwake ndi antchito ake, amayi awiri aja. Anakumba pang'ono mozungulira pakamwa, anamanga njerwa mpaka m'mawondo, akusuntha chitsulo chija pokhapokha iye mwini ataima pomwepo. Ndinkaona mmene ankagwirira chopakira matope, mmene ankaponyera simenti pa njerwa osayang'ana, ikugwera pamalo pake. Pambali anasalaza pansi, anayala pulasitiki, anazunguliza njerwa, analuka zitsulo n'kuzimanga ndi waya mphambano iliyonse. Mmodzi wa amayi aja atalumpha mphambano imodzi, anamubweza. Kenako anathira konkire, n'kufunditsa chivindikirocho masaka. Ankakalipa, inde, koma nthawi yopuma atatuwo ankakhala pa thumba la simenti n'kumagawana buledi ndi maheu, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinamva kuti onse awiri anali amasiye amene iye anawaphunzitsa ntchitoyi.

Kuthirira inali ntchito yanga, ndipo tinagwirizana choncho wowotcherera akumva. M'mawa ndi madzulo ndinkanyowetsa masaka ofunditsa chivindikiro, ndi madzi ogula. Foni inkalira dzuwa likangotuluka. Moni panalibe.

"Wathirira?"

"Ndathirira."

"Ndidzaona ndi mtundu wake." N'kudula.

Tsiku lonyamula chivindikiro, amalume anatulukira ndi mnzawo wamtali uja, osaitanidwa. Anali atamva kwa mayi wa simenti yemweyo. Anaima pa geti chipewa chili m'manja, ndipo atayang'ana mwana kumbuyo kwanga, maso awo anagwa pansi.

"Sekuru!" anafuula mayiyo. "Mwabwera kudzaona msampha wanu? Mukumba dzenje pakhomo la mwana n'kufunditsa minga, mwayesa ndi mwana wa ng'ombe?"

"Ndalakwa, mai. Pakamwa panalemera."

"Pakamwa polemera, piki yopepuka. Gwirani uko, tione ngati mapewa akadalipo."

Anagwira onse asanu, ndi mitengo iwiri yolowetsa pansi. Wamtali ankawerengera, amalume akumutsutsa kuti akufulumira. Chivindikiro chinakwera pang'onopang'ono, chinatsetsereka pa njerwa, chinakhala. Mayiyo anazungulira akuyang'ana m'mphepete, anamata simenti mozungulira, anayesa kachitseko ka chitsulo kangapo.

Amalume anandikokera pambali. Anati pomanga, zinyalala ndi simenti zimagwera pansi, choncho chitsime chifunika kuchikapa chonse ndi kuchitsuka tisanayambe kumwa. Anayang'ana nsapato zawo, kenako anadzikakamiza kukweza mutu.

"Imeneyo ndi ntchito ina, mwana wa kwathu. Ili ndi mtengo wake."

Anautchula mokweza, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mayi wa simenti, amene ankamvetsera akunamizira kupukuta chopakira, anafuula kuti, "Ndamva!" Ine ndinapuma mpweya wautali, kenako ndinachita chinthu chimene sindinkaganiza kuti ndingachite kwa amalume. Ndinati wakwera, atsitseko. Anandiyang'ana modabwa, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsamira mnzawo.

"Wamva, iwe wa ng'ombe zowonda? Ameneyu ndi wa kwathu weniweni!"

Anatsitsako pang'ono, ndipo tinagwirana chanza. Ndinafunsanso ngati mtengowo ukuphatikiza kutaya matope kunja kwa mpanda. Anati ukuphatikiza. Anati abwera simenti ya m'mphepete ikauma.

Mayi wa simenti anabweranso patapita masiku, simentiyo itagwira. Ndinatulutsa ndalama zotsala zija, koma anandikankha dzanja. Anakwera pa chivindikiro ndi majombo ake, anaitana amayi awiri aja, ndipo atatuwo anayamba kudumpha pamodzi, mwamphamvu, pakati penipeni, pamwamba pa dzenje lonse lija. Ine ndinatseka maso. Ndinkangomva di, di, di, ndi kuseka.

"Tsegula maso! Bwera nawenso!"

Ndinakana. Anati ndiye ndalama salandira ndipo kiyi sapereka, chifukwa mwini wake sanayese ntchito. Ndinapatsira mwana mmodzi wa amayi aja, ndinavula masilipasi, ndinakwera. Konkire inali yofunda ku mapazi. Ndinadumpha kamodzi ngati nkhuku yonyowa. Anati zimenezo si kudumpha. Anandigwira manja onse awiri, tinadumpha limodzi, kawiri, katatu, mpaka ndinasiya kuganiza za madzi ali pansi pathu. Palibe chinagwedezeka.

Atatsika analandira ndalama zake, anaziwerenga poyera, anatulutsa kiyi wa kachitseko n'kundiika m'dzanja.

"Dzenje lako ilo. Likang'aluka, ukudziwa kumene ndili."

Galimoto itachoka ndinayesa loko, ndinamukoka, ndinamuyesanso. Kenako ndinatenga mwana n'kumuimika pa dothi la pabwalo, n'kuchotsa manja. Anaima kanthawi akugwedezeka, miyendo itazolowera m'chiuno mwanga. Anayenda molunjika ku chitsime, monga ndinkadziwira kuti atero. Anagwira njerwa, anayesa kukwera, analephera, anayesanso mpaka anagona chamimba pamwamba. Anamenya kachitseko ndi chikhatho, anaika khutu, anamenyanso. Ine ndinali pakhonde, manja ndikuwakanikiza pansi pa ntchafu kuti asapite okha. Atatopa nazo anatsetsereka chambuyo, anagwa chokhala, anadzuka, n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku ya aneba kuzungulira nyumba. Ndinamusiya apite mpaka anakhota pakona.